Mawu a Nambala 14

Polisi ya Chongwe, Lachinayi pa 20 Marichi 2025, nthawi 09:40.

Ine, Ezron Chulu, wa zaka 49, kwathu ndi m'mudzi wa Mchenga ku Katete koma ndimakhala kuseri kwa msika pano pa Chongwe, ndimagwira ntchito yosamalira ndi kukonza makompyuta mu labu ya pa Yunivesite ya Chinkuli, yomwe si ya boma. Ndagwirapo zaka khumi ndi chimodzi. Sindine mphunzitsi ndipo digiri ndilibe. Ine ndi uja amamukumbukira pulojekita ikakana kuyaka.

Ndikupereka umboni pa nkhani ya laputopu ya dipatimenti yathu, yomwe Jonas Chipasha anaphwanya Lachisanu pa 14 Marichi ine ndikuona. Laputopuyo payokha si nkhani, ina ikhoza kugulidwa. Koma mkati mwake munali mawu a anthu 62 omwe tinawajambula kwa zaka pafupifupi ziwiri, ndipo mawuwo sanasungidwe pena paliponse.

Ntchitoyi inayamba mu 2022. Mwini wake ndi a Dokotala Ednah Miti, omwe amaphunzitsa sayansi ya makompyuta. Iwo ankafuna kuti mlimi wosadziwa kuwerenga azitha kufunsa foni za matenda a ng'ombe m'Chinyanja chake, foniyo n'kumumva. Kuti kompyuta iphunzire kumva chilankhulo, imafunika kumvetsera anthu ambiri kwa maola ambiri. A Miti anakulira ku Lusaka, ndipo Chinyanja chawo theka ndi Chingerezi. Atapita okha kumidzi kukajambula anthu ulendo woyamba, akuluakulu anangowayankha kuti eya eya mpaka anabwerako ndi mawu a mphindi zisanu ndi zinayi zokha. Kuyambira pamenepo ankanditenga. Loweruka lililonse tinkakwera minibasi mpaka ku Palabana, kenako n'kuyenda pansi khomo ndi khomo. Anthuwo ndinkawauza kuti tikufuna kompyuta iphunzire kumva mmene iwo amalankhulira, chifukwa ndi zomwe inenso ndinkadziwa.

A Miti anaika malamulo awiri, ndipo komiti ya yunivesite yoona za kafukufuku inawavomereza. Loyamba linali loti mayina achotsedwe. Munthu aliyense anapatsidwa nambala, ndipo pepala losonyeza kuti nambala iyi ndi ya uje linkakhala m'dilowa yawo yokhoma. Ngakhale ine, yemwe ndinkagwira maikolofoni, sindinalionepo. Lachiwiri linali loti mawu onse akhale mu laputopu imodzi yokha, yosalumikizidwa ku intaneti, yogona mu kabati yachitsulo mu labu. Tikatsitsa mawu mu laputopumo, kachipangizo kojambulira tinkakafufuta tsiku lomwelo.

Lamulo lachiwirili ndinalitsutsa, ndipo osati kamodzi. Ndinawauza kuti, "Ba Dokota, disiki imafa monga chintu chilichonse. Tikopeko imozi chabe, tiikhomele kwinangu."

Iwo anati, "Ninabalonjeza bantu, Ba Ezron. Lelo zikankhala zibili, mailo zizankhala teni, kumapeto ba gogo bazazimvela mu mafoni ya bana ba sukulu."

Sindinganene kuti analibe mfundo. Ophunzira athu ndimawadziwa, mayeso enieniwo amayenda m'mafoni asanalembedwe. Ndinangosiya, ndipo makiyi a kabati ndinkasunga ndine.

Mmodzi mwa anthu omwe tinawajambula anali bambo ake a Jonas, a Chipasha, mlimi wa ng'ombe za mkaka wa zaka 74, wokhala makilomita anayi kuchokera pa Palabana. Anthu ena ankatopa pakatha mphindi makumi awiri. A Chipasha ankamaliza batire. Tinapitako maulendo asanu ndi anayi ndipo tinajambula maola khumi ndi limodzi. Analibe dzino limodzi lakutsogolo, choncho akamalankhula pankatuluka kamluzu kakang'ono. Akazi awo, a Clotilda, ankatipatsa mabisi, mkaka wosasa uja, m'makapu apulasitiki n'kumawauza amuna awo kuti apume, alendo ali ndi kwawo.

A Chipasha anamwalira mu Januwale chaka chino. Ndinamva kwa anthu ogulitsa mkaka pa msika ndipo kumaliro ndinapita. Kuntchito sindinauze aliyense. Inali nthawi ya mayeso, komanso sindinaone kuti imfa ya mkulu wa ku Palabana ikukhudza labu ya makompyuta. Pamenepo ndikuvomera kuti ndinalakwa.

Tsopano ndinene za Tamara Soko. Ndi mtsikana wa zaka 26, wophunzira digiri yachiwiri pansi pa a Miti. Anabwera mu 2023 kujambula kutatsala pang'ono kutha, ndipo kumidzi sanapiteko. Gawo lake linali loti kompyuta isamangomva, koma iziyankhanso ndi mawu. Kuti kompyuta ilankhule, imaphunzira kwa munthu mmodzi amene mawu ake alipo maola ambiri, ndipo pamapeto imalankhula ngati iyeyo, ngakhale zinthu zomwe munthuyo sananenepo. Tamara anayang'ana pa mndandanda wa manambala n'kusankha nambala 14, chifukwa ndi yomwe inali ndi maola ochuluka ndi mawu omveka bwino. A Miti anavomera. Onse awiri ankaona nambala basi.

Kwa miyezi isanu ndi itatu mtsikanayu ankakhala pakona ya labu, zomvetsera zili m'makutu, kuyambira 8 koloko mpaka ndikamuthamangitsa kuti ndikhome. Ine sindinamvepo zomwe ankamvetsera. Ankabwera kwa ine akumwetulira n'kunena kuti, "Ba Fotini lelo bakamba bwino." Ine ndinkamuseka kuti atsikana anzake akupeza amuna iye ali pa chibwenzi ndi nambala. Mayeso ake omaliza anali oti achitike mu Epulo akubwerayu, ndipo dipatimenti inali itamulonjeza ntchito yophunzitsa akakhoza.

Tsiku la pa 14 Marichi linakonzedwa kuti anthu omwe anapereka mawu adzaone zomwe zatuluka. Makalata oitanira analemba okha a Miti, potsatira pepala lawo lija, ndipo anapita ku makomo onse 62. Ine ndinafika 07:30, ndinayala mipando mu holo yaing'ono, ndinalumikiza masipika awiri ndi pulojekita. Tamara anafuna kuyesa mawu, koma magetsi anali atazima ndipo jenereta inayaka alendo atalowa kale. Choncho sitinayese.

Cha m'ma 09:30 ndinaona a Clotilda akulowa, atavala chitenje chakuda ndi duku lakuda, ali ndi mwana wawo Jonas. Jonas ndi bambo wa zaka pafupifupi 35, amagulitsa mkaka pa njinga. Ndinawapatsa moni, ndipo a Clotilda anati, "Kalata inabwela na zina yao. Nati niyende nikabaimilile, benze kuikonda nchito yanu." Ndinawakhazika pamzere wachiwiri, mamita atatu kuchokera pa sipika ya kumanzere. Malo amenewo ndinawasankhira ndine, kuti amve bwino.

Nthawi ya tiyi ndinaona Tamara akuzungulira ndi kapepala, kufunsa alendo ena mayina awo. Pambuyo pake anandiuza kuti ankafuna kompyuta iwapatse moni powatchula mayina, kuti asangalale. A Clotilda anali m'gulu la omwe anawafunsa.

A Miti analankhula kuyambira 10:20. Kutsogolo kunakhala aphunzitsi ndi alendo awiri ochokera ku Lusaka, kumbuyo alimi pafupifupi makumi anayi. Nthawi ili 10:45 Tamara anaimirira, anafotokoza ntchito yake mwachidule, ndipo anadina batani. Ine ndinali pambali, dzanja langa lili pa kachitsulo kokwezera ndi kutsitsira mawu. Masipika anati:

"Muli bwanji bonse? Ine nili bwino. Papita masiku, nakuyewani."

Ndinawazindikira pa liwu lachitatu. Kamluzu kaja kanali momwemo, ngakhale kapumidwe kawo asanayambe chiganizo. Munthu amene ndinamuponyera dothi mu Januwale ankalankhula mu holo yathu. Dzanja langa linali pamalo oyenera, kungotsitsa basi, koma silinasunthe.

Aphunzitsi kutsogolo anaomba m'manja. Kumbuyo kunali zii. Mayi wina anadzifunditsa chitenje kumutu n'kutuluka. Tamara ankayang'ana laputopu, sanaone chilichonse, ndipo moni uja anali ataulemba kale motsatizana. Kompyuta inapatsa moni bambo wina, kenako mayi wina, kenako inati:

"Ba Clotilda, muli bwanji? Ng'ombe zanu mwazimwesa manzi lelo?"

A Clotilda anaimirira. Anayang'ana sipika ija, anapinda mawondo pang'ono monga amachitira mayi poyankha mwamuna wake, ndipo anati, "Nazimwesa." Atatero anagwa chammbali, mutu unagunda mpando. Apa m'pamene ndinazimitsa masipika.

Jonas anawanyamula mayi ake n'kuwapereka m'manja mwa amayi awiri a kwawo. Sanathamange. Anayenda kupita pa tebulo lakutsogolo n'kufunsa Tamara kuti, "Mwabatenga kuti batata?" Tamara sanamvetse funsolo. Anali akumwetulirabe pang'ono, akuganiza kuti mayiyo wakomoka ndi kutentha. Jonas anati, "Batata tinabashika pa 11 Januwale. Ninabaika mu bokosi na manja yanga. Manje imwe mwabavalila mu chintu ichi, mubakambisa vamene mufuna." Ananyamula laputopu, zingwe zinazuka zokha, ndipo anatuluka pakhomo la kumbali. Sanakankhe munthu aliyense.

Panja, mamita makumi awiri kuchokera pakhomopo, pali mulu wa mabuloko a simenti chifukwa akumanga kalasi yatsopano. Jonas anaika laputopu pansi, ananyamula buloko ndi manja awiri mpaka pamwamba pa mutu, n'kuligwetsera pa laputopu. Anatero kasanu. Ine ndinafika akumenya kachitatu. Ndinakuwa kuti, "Jonas, leka, kulibe ina," koma sindikudziwa ngati anandimva, kapena ngati anadziwa zomwe ndinkatanthauza. Kumugwira sindinamugwire. Ndi wamphamvu kuposa ine, komanso kunena zoona, panthawi imeneyo mbali ina ya mtima wanga inali naye.

Atamaliza anakhala pansi pomwepo n'kutsamira mabuloko. Mlonda wa pageti atafika, Jonas anangotambasula manja ake. Ankangofunsa ngati mayi ake atsitsimuka.

Nditabwerera mkati ndinakumana ndi a Miti akuchokera ku ofesi yawo, pepala la mayina lili m'manja. Anaima m'khonde, anatsata ndi chala mpaka pa nambala 14, anawerenga, ndipo anakhala pansi pasimenti ndi suti yawo. Zaka khumi ndi chimodzi ndawaona akukalipira ophunzira, akuluakulu a yunivesite ndi ine ndemwe, koma ndinali ndisanawaonepo atakhala pansi chonchi. Tamara anandigwira malaya n'kundifunsa kuti, "Ba Ezron, banafa liti?" Ndinamuuza. Anafunsanso kachiwiri ndi kachitatu. Kenako anati, "Nenze kubamvela tsiku lililonse. Mu Januwale nenze kubakonza kuti baziseka bwino." Za digiri yake sananene kanthu tsiku limenelo.

A Clotilda anawatengera kuchipatala pa galimoto ya dipatimenti nthawi ili 11:10. Madokotala anati magazi anathamanga kwambiri, ndipo anawatulutsa mawa lake. Apolisi anafika 11:40 n'kumutenga Jonas. Ndamva kuti anatuluka Lamlungu pa belo ya polisi.

Zidutswa za laputopu ndinatola ndine, apolisi atajambula zithunzi. Ndinamasula disiki, kabokosi momwe mumasungidwa zonse. Kanali katapindika pakati. Nditakagwedeza pafupi ndi khutu kanalira ngati mchenga m'botolo, ndipo aliyense wa ntchito yathu amadziwa tanthauzo la phokoso limenelo: timbale ta mkati ndi tagalasi ndipo tasweka. Lolemba, mwa chilolezo chanu, ndinapita nako ku Lusaka kwa amisiri awiri odziwa kupulumutsa zinthu m'madisiki owonongeka. Woyamba anagwedeza n'kundibwezera. Wachiwiri anatsegula, anandionetsa fumbi lonyezimira, ndipo anati ndikataye. Kali pa tebulo lanu apo, mu envulopu yakhaki.

Ndiye palibe chatsala. Mawu a anthu 62 apita, pamodzi ndi pulogalamu yomwe Tamara anaiphunzitsa kulankhula, chifukwa nayonso lamulo silinkalola kuti ituluke mu laputopumo. Machaputala omwe analemba ali nawo, koma alibe choti aonetse oyesa mayeso. Komiti ikumana sabata ya mawa kuti ione ngati ayambirenso. A Miti atafufuza apeza kuti mwa anthu 62 aja, asanu ndi awiri anamwalira, ndipo dipatimenti sinkadziwa ngakhale za mmodzi.

Mwandifunsa ngati ndaonananso ndi aliyense wa banja la a Chipasha chichitikire izi. Ndinayamba ndakana, koma linali bodza, ndipo ndikufuna mulembe zoona.

Lachiwiri pa 18 Marichi, nthawi ili 14:10, ndinali ndekha mu labu ndikukulunga zingwe. Ndinamva kugogoda. Anali a Clotilda, okha, ali ndi pulasitala pamphumi. Anati anyamuka Jonas atapita kukagulitsa mkaka, ndipo akwera maminibasi awiri. Ndinaganiza kuti abwera kudzatukwana, ndipo ndinali wokonzeka kumva. Ndinawapatsa mpando n'kuyamba kupepesa, koma anandidula.

Anati, "Ba Ezron, ija ya pa Chisanu sibenze beve, naziba. Mau ni yao, koma beve sibananiitanepo ati Ba Clotilda. Benze kuniitana ati amake Jonas. Ninayanka chabe chifukwa mau yaja nayayanka zaka fote-sikisi, kamwa inayenda yeka."

Ndinati ndamva. Iwo anamasula mfundo ya pa chitenje n'kutulutsa foni yaing'ono ya mabatani, naiika pa tebulo langa.

"Sinifuna ija yopanga. Nifuna yazoona, yamene munajambula pa nyumba, pamene benze kukamba vintu vao beka. Niikileniko muno, olo kang'ono chabe. Foto nili nayo. Koma mau yayamba kunisoba mu mutu. Nikafuna kuyakumbuka, yamene yabwela ni ya mu sipika ija."

Ndinayang'ana kabati yachitsulo ija, yomwe inali yotsegula ndi yopanda kanthu. Ndinawafotokozera monga ndafotokozera inu, kuti zonse zinali m'makina amodzi. Anaganiza kuti ndikuopa malamulo, ndipo anati sadzauza munthu. Ndinachita kubwereza kawiri. Ndinawauza kuti maola onse khumi ndi limodzi anali mu laputopu yomwe inaphwanyidwa, ndipo padziko lonse palibe pena pamene pali mawu a amuna awo. Ndagwira ntchito zambiri zosasangalatsa pa yunivesite ija, koma palibe inandipweteka ngati kunena zimenezo.

Sanalire. Anatenga foni yawo, anaimangiriranso pa chitenje, kenako anafunsa kuti, "Jonas aziba kuti yenze mwamene muja?"

Ndinati sindikukhulupirira kuti akudziwa. Iye akuganiza kuti anaphwanya chinthu chonamizira bambo ake basi.

Iwo anati, "Musamuuze. Musamuuze na kuti ninabwela kuno. Mwana uja achita kuyenda mutu pamwamba ati anamasula batate bake. Mulekeni ankhale so."

Ndinawalonjeza. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, ndipo anakwera minibasi ya 15:00.

Lero mwandiuza kuti ndinene zonse ndipo ndanena, choncho lonjezo lija ndaliswa patangopita masiku awiri. Kuti Jonas anaphwanya laputopu, anaphwanya, ndinaona ndi maso anga ndipo ndidzanena zomwezo kukhoti. Pempho langa ndi limodzi. Ngati pepalali lidzawerengedwa iye ali pomwepo, wowerengayo adzalekezere pamene ndatchula envulopu yakhaki paja. Tsamba lomalizali mayi ake sakufuna kuti alimve.

Zomwe ndikudziwa pa nkhaniyi zathera pamenepa. Andiwerengera umboniwu ndipo ndavomera kuti ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Ezron Chulu ....................

Wolemba: Sajeni Tisauke Daka ....................